Chiswe cha Miyendo Iwiri

Padangotero.

Tili tonse.

Kumadzulo kwa dziko lino, kumene msewu wochokera ku Lilongwe umakathera pachipata cha Mwami n'kusanduka msewu wa ku Chipata, kunali mudzi wina m'munsi mwa mapiri a Mchinji, kufupi ndi kumene mtsinje wa Bua umayambira. Amene anagonapo kumeneko mwezi wa Juni safuna kufotokozeredwa za chisanu. Dzuwa likangobisala kuseri kwa phiri, mphepo imatsetsereka ndi zigwa n'kulowa m'nyumba kudzera pansi pa chitseko. M'mawa madzi a mumtsuko amaluma mano, ndipo ana amapita kusukulu manja ali m'khwapa, miyendo ili mbuu.

M'mudzimo munali nkhalamba ina, a Phiri. Anabadwa boma likadatchedwa Fort Manning, anabwera ali mnyamata kudzakwatira Nabanda, ndipo anakalambira pachikamwini pomwepo. Njanji itafika ku Mchinji mu 1980 anapita kukaiona ndi maso, nabwerako wapansi, sitima sanaikwerepo. Chimanga ndi mtedza ankalima monga aliyense wa kumeneko. Koma mlendo akafunsa njira ya kwawo, anthu ankangoti, "Pitani, mukaona mulu wa nkhuni mwafika."

Tizitsotso tophikira ndiwo amatola ndi amayi, n'kusenza pankhata. Zikuni zoothera, zoti zigone zikunyeka mpaka tambala, imeneyo ndi ntchito ya nkhwangwa, ndipo a Phiri ankaigwira mwa dongosolo lawolawo. Nkhuni za Juni ankadula mu Ogasiti wa chaka chinzake, chimanga chitalowa m'nkhokwe, mtedza utathotholedwa. M'nkhalango ya boma, imene atsamunda anaiika malire mu 1924, sankalowamo ndi nkhwangwa. Kumsitu wa kumanda, kumene kuli dambwe, ngakhale chala sankalozako. Ankadula m'thengo la mbumba ya akazi awo, ndipo m'menemonso ankasankha. Msuku ndi mpoza ankazilambalala, ati mtengo wodyetsa ana sauika pamoto. Mkuyu ankausiya chifukwa umangofuka. Ankafuna mombo, mtondo ndi mthethe, ndipo akapeza nthambi ya muwanga itauma yokha ankabwera nayo akumwetulira, pakuti chikuni chimodzi cha muwanga chimasunga moto usiku wonse.

Podula sankasonkha moto patsinde monga amachitira ofulumira. Ankatema pamsinkhu wa bondo, mopendeketsa, kuti madzi a mvula asakhale pachitsa n'kuchiwoletsa. Ikamatha mvula yachiwiri chitsacho chimakhala chitatulutsa mphukira zambiri. Iwo n'kusadza zinazo, kusiya ziwiri zowongoka. Choncho thengo lawo, ngakhale ankadulamo chaka ndi chaka, silinkayera.

Kuwaza ankawaza chipika chikadali chachiwisi, chisanaume n'kuyamba makani. Sankayamba n'kutukula nkhwangwa ayi. Ankayamba n'kuchizungulira, kuchigubuduza ndi phazi, kufunafuna pamene mng'alu wayamba wokha. "Mtengo uliwonse uli ndi njira yake yong'ambikira," ankatero. "Iwe ntchito yako n'kuipeza." Mfundo sankalimbana nayo; ankawaza mbali iyi ndi iyo, mfundoyo n'kutsala yokha, chikuni cha pamaliro. Chipika chikakana, ankasongola kamtengo kolimba, kukhomera mumng'alu, n'kumenya ndi chipika chinzake mpaka chitalira kuti phwa! Nkhwangwa yawo inali yosula kwa mmisiri wa pamudzi, ndipo madzulo ankaiviika mutu m'madzi kuti mpini utupe, chitsulo chisaguluke. Ana ankaima patali n'kumavomera kanyimbo kawo:

Tema, nkhwangwa, tema,
Wa padzuwa akusungira wa pachisanu,
Tema, nkhwangwa, tema.

Nkhuni zowazazo zinkayamba zagona pabwalo, padzuwa la Okutobala, iwo n'kumazitembenuza. Mitambo ikayamba kuda, ankazisanja kuseri kwa nyumba. Pansi ankathira phulusa, kenako miyala inayi, pamiyalapo mitanda iwiri, ndipo nkhuni zinkagona pamitandapo, khungwa kumwamba, mzere uwu chopingasa, winawo chotalika, mosapanikiza, kuti mphepo izidutsa. Pamwamba kadenga ka udzu. M'mbali sankaphimba.

Mbali ya muluwo yoyang'ana kukhomo inali yomanga ndi luzi, yooneka bwino. Koma mbali ya kuseri, yoyang'ana kanjira kopita kuchitsime, a Phiri sankaimanga. Nkhuni zakale kwambiri, zouma gwa, ankaziika kumeneko, m'munsi, pamene munthu wowerama angasolole popanda phokoso. Ndipo chaka chilichonse, makamaka mu Januwale pamene thengo lonse lanyowa, ndi mu Juni pamene kwazizira, mbali imeneyo inkachepa. A Phiri ankadzuka, kuyang'ana, kutsitsira za pamwamba pamene pagumuka, n'kunyamula khasu.

Mwana wawo wamkazi womaliza, Naphiri, anakwatiwa ndi mnyamata wa ku Kasungu dzina lake Lufeyo, wa mfunda wa Mwale. Nthano zambiri zimanena za mkamwini waulesi. Uyu sanali wotero, tisamunamizire. Lufeyo anali ndi manja. Chipika chimene apongozi ake ankachizungulira mpaka dzuwa kukwera, iye ankachiphwanya thukuta lisanatuluke. Analinso ndi mutu wa masamu. Anagwirapo ukapitawo pa esiteti ina ya fodya wa fuluu, kumene ntchito yake inali kuyeza mendulo za nkhuni zolowa m'mabani, ndipo kumeneko anaphunzira kuti nkhuni ikasowa pamendulo, pali wina amene adulidwe malipiro. Zaka zimenezo maesiteti anali atachuluka ku Mchinji ndi ku Kasungu, mathirakitala akututa mitengo mosalekeza, ndipo nkhuni, zimene kale zinali za aliyense wodziwa kuwerama, zinali zitayamba kugulidwa ndi ndalama.

Chaka chisanathe pachikamwini, anaona kuti mulu ukuchepa. Anatenga khala, nalemba timizere pa nkhuni za kuseri. M'mawa timizere tinayi panalibe. Anapita kwa apongozi ake, nanjuta chapatali.

"Bambo, nkhuni zikutha kuseriku."

"Ndi chiswe, a Mwale."

"Chiswe chimasiya dothi, bambo. Apa palibe dothi. Pali mapazi."

"Chiswe cha kuno n'chotero," anatero a Phiri, akunola nkhwangwa pamwala osadzutsa mutu.

"Ndiye ndichibisalire usiku uno, chiswe cha miyendo iwiricho."

"Usiku n'ngogona, a Mwale. Ine ndikagona ndimaliza mkonono. Simunandimve?"

Anali atawamva. Mudzi wonse unkawamva. Lufeyo anabwerera akupukusa mutu, nauza mkazi wake kuti ukalamba ndi matenda. Koma pamudzi pa eni mkamwini sakweza mawu, choncho nkhaniyo anangoisunga m'mimba.

Mu 1986 nkhondo ya ku Mozambique inakula, anthu n'kuyamba kukhamukira m'dziko muno. Ambiri analowera ku Nsanje, ku Ntcheu ndi ku Dedza, koma Mchinji nayo inalandira ake, ochokera m'chigawo cha Tete. Sanali alendo kwenikweni: chinenero chomwechi, mifunda yomweyi, gule yemweyu. Anyakwawa anawapatsa malo kutsidya kwa dambo, ndipo anamanga tizisakasa. Ufa, nyemba ndi mchere ankalandira, koma nyemba sizipsa ndi chifundo. Zimafuna moto wautali. Tizitsotso tonse ta pafupi tinatha m'miyezi yowerengeka, amayi n'kumalawira mbandakucha kukafika kumene kale ankafika alenje okha. Mulu wa a Phiri chaka chimenecho unachepa kuposa kale lonse, ndipo mkonono wawo unakula.

A Phiri anamwalira mu Febuluwale 1987, mvula ili pakati. Usiku wa maliro awo zikuni zinabwera kuchokera mbali zonse, ngakhale kutsidya kwa dambo, mwakuti amuna anaotha mpaka kucha osakhudza mulu wa malemuwo. Lufeyo anaona, koma anati ndi mwambo chabe. Nkhwangwa inatsala m'manja mwake.

Ogasiti atafika anadula monga sanadulepo munthu m'mudzimo. Anagwetsa za m'thengo, nagwetsanso malaina ndi bulugamu za m'malire a munda, nawaza zonse. Pankhani ya zitsa anatsatira apongozi ake, poti anaona kuti zimapindulitsa. Koma posanja anasanja mwa nzeru zake. Miyala ndi mitanda anati zikungodya malo. Anaunjika pansi penipeni, mothinana, kugundika kukhoma la nyumba kuti kuseri kusakhalenso kuseri. Anaphimba muluwo ndi pepala lalikulu la pulasitiki limene anabwera nalo ku esiteti, kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kutsindira m'mphepete ndi dothi, kusiya kutsogolo kokha. Nkhuni za kutsogolozo anazipaka iliyonse kadontho ka penti yofiira, nazikulunga ndi waya. Kenako mpanda wa udzu, kenako galu. Mkazi wake anamuuza kuti aziphikira zitsononkho ndi mapesi. Muluwo unali wodikira Juni, pamene mendulo imakwera mtengo kuboma.

M'mawa uliwonse ankawerenga madontho ofiira. Onse ankakhalapo, kufikira usiku wina wa Januwale 1988.

Kunali mvumbi wa masiku angapo. Galu anauwa, Lufeyo n'kutuluka ndi tochi. Anapeza mayi wokalamba atagwada kuseri kwa mpanda, dzanja litalowa pakati pa udzu, nkhuni zitatu za madontho ofiira zili pambali pake. Anali Nankhoma wa kutsidya kwa dambo, amene anathawa ku Chifunde ndi kamdzukulu kamodzi, ena onse atatsala m'njira.

"Pepani, bambo. Mwana akutsokomola, ndipo m'nyumba mukudontha. Kale pano..."

"Kale linapita ndi mwini wake. Tikaonana kubwalo."

M'mawa Nabanda anatuma mwana wawo kuti akauze mwamuna wake aisiye nkhaniyo. Naphiri anagwada, nanena monga anatumidwira, nawonjezanso ake: "A Mwale, nkhuni zitatu sizichepetsa mulu wonsewu." Lufeyo anayankha kuti zitatu za lero ndi zitatu za mawa ndizo zinkatha mulu wa bambo ake, ndipo nthaka ingakhale ya mbumba, thukuta ndi lake. Pamenepo sananame. Ndiye kuvuta kwake kwa munthu wotere: mawu ake aliwonse paokha amakhala oona.

Kubwalo mlandu sunatalike, pakuti Nankhoma sanakane. Anyakwawa anagamula kuti abweze nkhuni zitatuzo, basi. Lufeyo sanakhutire. Anaimirira nati kubaku sikunayambe lero, iye wakhala akuwerenga kuyambira apongozi ake ali moyo, anthu a kutsidyawa asanabwere n'komwe.

"Mwanena zoona, a Mwale," anatero anyakwawa. "Tiyeni tifufuze lero lomwe. Amene sanasololepo nkhuni kuseri kwa a Phiri aimirire."

Palibe anaimirira. Amayi anayang'ana pansi. Mkulu wa mpingo anayamba kukonza chingwe cha nsapato. Anyakwawa nawonso anakhala chikhalire pampando wawo.

"Chaka chimene mayi a kunyumba anadwala chibayo," anatero pang'onopang'ono, "nanenso ndinadutsako. Kupempha masana n'kovuta kwa munthu wamkulu, a Mwale. Ukapempha kamodzi umakhala wangongole, ukapempha kawiri umakhala nyimbo ya pamtondo. Apongozi anu ankazidziwa zimenezo."

Lufeyo anamva mawuwo, koma chimene anatolapo n'chakuti anakwatira m'mudzi wa mbala. Anawonjeza waya.

Ndipo taonani mmene zinthu zimayendera. Nkhuni zitangofika pabwalo la milandu, zinasanduka chuma. Uyu anayamba kulowetsa mtolo wake m'nyumba madzulo. Uyo anamanga wake ndi unyolo wa njinga. Ngakhale kupala moto, kumene ana ankangothamanga ndi phale popanda odi, kunayamba kufuna mafunso. Palibe amene anapangana ndi mnzake. Aliyense ankangoopa kukhala wopusa womaliza.

Juni anafika ndi ukali. Naphiri anali ndi pathupi, ndipo masiku ake ankayembekezeka mu Ogasiti. Koma usiku wina, nyenyezi zili ngwee, mphepo ikuluma, matenda anayamba. Chipatala cha mishoni ku Ludzi chinali kutali, cha Mwami chinali kutsidya kwa malire, ndipo ngolo ya ng'ombe sikanafika kulikonse pa nthawi yake. Anaitana azamba. Pakati pa usiku kunabadwa kamwana kakamuna, kosakwana masiku, kolira motsitsa.

Azamba anasuzumira pakhomo. "Moto, a Mwale. Osati wa zitsononkho. Wa makala ofiira, wopanda utsi, ndipo usazime mpaka dzuwa litatentha. Kakazizidwa aka sitikhala nako."

Mtima wa Lufeyo unakhala pansi. Pa zonse zimene akanamupempha, anamupempha chimene anali nacho kuposa munthu aliyense kuyambira pamudzipo mpaka ku Kamwendo. Anamasula waya, nasolola nkhuni yoyamba. Inabwera yopepuka, kamutu kokha ka dontho lofiira. Kumbuyo kwake kunali dothi. Yachiwiri chimodzimodzi. Anang'amba pulasitiki, nawalitsa tochi. Kunatuluka fungo la chuku. M'kati monse munali chulu. Chiswe chinalowa kuchokera pansi, chinapeza mdima, chinyontho ndi mtendere, ndipo miyezi isanu ndi itatu palibe anachisokoneza. Chinadya n'kumanga, kudya n'kumanga, kusiya nkhope yokha ya kutsogolo kuti mwini wake aziwerenga. Za pamwamba, zimene chinali chisanafike, zinali zitamera bowa chifukwa cha thukuta la pulasitiki. Anayesa kusonkha zimenezo. Zinalira, zinatuluka thovu, nyumba inadzaza utsi, kamwana n'kuyamba kubanika. Azamba anazifumula ndi manja awo n'kuziponya kunja.

Anathamanga. Pakhomo loyamba anamuyankha kuti zatsala zophikira phala la mawa. Lachiwiri sanatsegule, pakuti masiku amenewo, nkhondo ili pafupi, munthu sankatsegulira aliyense usiku. Anyakwawa anali atapita kumaliro ku Mkanda. Wina anamupatsira pazenera zitsononkho zodzaza manja. Anayamba kuzungulira kuseri kwa nyumba imodzi ndi imodzi, akupapasa mumdima pamene kale pankakhala mitolo. Panali poyera. Pena anakhudza unyolo.

Mapazi anamufikitsa kudambo asanaganize. Anawoloka, madzi akulowa m'majombo, nafika pa tizisakasa. Kuseri kwa kachisakasa komaliza, mbali yoyang'ana kunjira, tochi yake inagwa pa miyala inayi. Pamiyalapo timitanda tiwiri. Pamwamba kadenga ka udzu. Kamuluko kanali kofika m'bondo: mitengo ya nandolo, nthambi za mthethe, ndipo m'munsi zikuni ziwiri za muwanga, zimene mwini wake ayenera kuti anazisenza kuchokera kutali kwambiri. Kosamanga.

Anadziwa kuti ndi pa yani. Anaima, pakamwa patatseguka kuti anene odi, koma mawu anakana. Akanati chiyani? Anazimitsa tochi, nagwada, nayamba kusolola. Chikuni china chinagunda mwala kuti gu! M'kachisakasamo munamveka kamwana kakunong'ona: "Agogo, kunja kuli munthu." Kunakhala zii pang'ono. Kenako kunayamba mkonono, waukulu, wokoka, woti mayi wowonda chotero sangakhale nawo.

Muwanga unagwira moto wopanda utsi. Azamba anaika kamwanako pachifuwa pa mayi wake, khungu kukhungu, nafunditsa onse awiri, moto uli chapatali pang'ono, chitseko atasiya kampata kuti mpweya uzilowa. Kunja kukuyera, kanayamba kuyamwa.

Lufeyo sanagone. Kutangocha anakumbukira kuti majombo a ku esiteti m'mudzi monse anali nawo ndi iye yekha, ndipo matope a kudambo sasunga chinsinsi. Anabwerera msangamsanga kuti akafufute mapazi anthu asanadzuke. Anapeza Nankhoma atasesa kale, kuyambira kuseri kwa chisakasa mpaka pamadzi, kutali kuposa pamene munthu amasesa pabwalo pake.

"Mwadzuka bwanji, bambo? Ndamva kuti kwanu kwabwera mlendo."

"Tadzuka, mayi. Kaya inu."

"Ife tagona tulo tabwino. Mlendoyo ali bwanji?"

"Akuyamwa."

"Chauta ndi wamkulu," anatero Nankhoma, napitiriza kusesa poyera kale.

Masana amenewo Nabanda anabwera kudzaona chulu chimene chinali mulu. Mpongozi wamkazi sayang'anizana ndi mkamwini, choncho anakhala chofulatira pakhonde, n'kumayankhula ndi mwana wawo amene anali m'chikuta, mokweza kuti wa kuseri amve.

"Naphiri, bambo ako chiswe chenicheni ankachiopa kwambiri. Ankati phulusa limathandiza, miyala imathandiza, koma mankhwala ake enieni ndi manja. Mulu umene ukusololedwa pansi sukhala malo amodzi. Zakale zimachoka zisanafumbwe, za pamwamba zimatsika, mphepo imalowa, chiswe chikamanga lero mawa chapasulidwa. Ankati iwo okha sakanatha kugwedeza mulu wonse uja usiku ndi usiku, ndiye anali ndi antchito ambiri osalipidwa." Anafwenkha kafodya ka m'mphuno, nayetsemula. "Kaya ankanena zoona, kaya ankangobisa chifundo chawo kuti anthu asawathokoze, ine zaka zonse zija sindinawafunse."

Mwana atatuluka m'chikuta, Lufeyo anapita kwa anyakwawa, chipewa m'manja, kukadzisumira yekha. Munthu wa masamu sagona ndi ngongole yosalembedwa. Bwalo linadzaza, pakuti mlandu wotere unali usanamvekepo. Anafotokoza zonse: dambo, zikuni ziwiri za muwanga, nthambi za mthethe, natchula ndi chiwerengero chomwe. Anaitana Nankhoma.

"Mayi, kwanu kunasowa nkhuni?"

"Kwanga, mfumu? Ayi."

"A Mwale akuti anatenga."

"Mwina analota. Usiku umenewo anali ndi zambiri m'mutu."

"Ndiye mulu wanu sunachepe?"

"Unachepako pang'ono, mfumu, koma kudambo kuja chiswe n'chambiri."

Kumbali ya amayi wina analephera kudzigwira, bwalo lonse n'kuphulika. Lufeyo, nkhope ili thukuta, anatulutsa ndalama nati alandire basi. Nankhoma anabisa manja m'chitenje. "Ndilandire za chiyani, bambo? Mukufuna anthu azinena kuti ndimagulitsa maloto?"

Anyakwawa anadikira kuti phokoso lithe. "Mlandu wopanda wodandaula si mlandu. Koma mwatichotsa ku ntchito zathu akuluakulu onsewa, chimanga chili pamkukwe, kudzamva maloto anu. Imeneyo ndi nkhuku."

Analipira tambala wofiira, ndipo anadyedwa tsiku lomwelo.

Mu Ogasiti anadulanso, pang'ono kuposa chaka chathacho, poti thengo nalo linafuna kupuma. Mpanda anazula, udzu wake n'kukhala kadenga. Galu anamupereka kwa mlamu wake wa ku Kapiri. Miyala inayi ya apongozi ake anaipeza pomwe anaitaya, kuseri kwa khola. M'mudzimo maunyolo ena anabwerera ku njinga, ena sanabwerere mpaka lero. Chimene chamangidwa sichimasuka tsiku limodzi. Mtendere utasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992, anthu a kutsidya kwa dambo anayamba kubwerera kwawo, ndipo Nankhoma ndi mdzukulu wake anapita nawo.

Kuwerenga Lufeyo sanasiye. Ankangowerengera mumtima, osauza munthu. Chimene chinamuvuta n'chimodzi. Iye anali wa tulo tochepa, wogona mwakachetechete, ndipo mvula yoyamba ija anthu ankafika mpaka pakanjira, kumvetsera, kumva nyumba ili zii, n'kubwerera manja ali lende. Anayesa kuliza mkonono, koma unkamveka kuti n'ngoyeserera, mwakuti ana a m'mudzi anayamba kuutsanzira kubusa. Mapeto ake ntchitoyo anailanda ndi Naphiri, amene anatengera bambo ake.